Masitepe a Bambo Kamchacha

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere. Khalani bwino pabenchipo, ndipo iwe amene ukuti mawu ako a sewero uloweza mawa, utchere khutu kuposa anzako.

Pa Mlambewagwa panali holo ya zisudzo, yomangidwa pachitunda kumtunda kwa msika. Woiyang'anira anali Bambo Disimasi Kamchacha, munthu wa mimba yake ndi mawu ake. Olemba masewero anali iwo, wapampando wa gulu la zisudzo anali iwo, ndipo pa sewero lililonse gawo lalikulu linkangogwera iwo omwe, mwangozi ndithu. Sanali munthu woipa, ayi. Kungoti ntchito iliyonse yopanda owombera m'manja ankaikankhira mawa. Pamaso anthu ankati a Tcheya, koma akangotembenuka dzina lawo linali Zengerezu.

Chimene a Tcheya ankanyadira kuposa zonse chinali masitepe a holoyo. Pa nthawi yomanga anapita kumzinda, n'kubwerako ndi nzeru yakuti nyumba yaulemu imadziwika ndi masitepe. Anauza amisiri kuti akweze maziko, ndipo panatuluka masitepe ataliatali, opaka polishi wofiira. Okalamba ankafika pamwamba ali wefuwefu, a Tcheya n'kumati ndi chimwemwe.

Kumunsi kwa chitundacho, pakhonde la sitolo ina, pankasokera telala wamayi, a Nangondo. Miyendo yawo inapuwala ali mwana, choncho ankayenda panjinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja, ndipo makina awo osokera anali opukusa ndi dzanja. Chovala chilichonse chimene chinaonekapo pasiteji ya a Kamchacha chinachoka m'manja mwawo: mikanjo ya oweruza, yunifomu za apolisi abodza, ngakhale mchira wa satana. Koma iwo anali asanaoneko n'chimodzi chomwe chitavalidwa pasiteji. Tsiku la sewero ankapalasa mpaka patsinde pa masitepe, n'kukhala pomwepo kumamvera anthu akuseka m'katimo. Kumva anzako akuseka iwe osaona choseketsa kumawawa, ana inu. Ine ndimati kumawawa kuposa njala.

Tsiku lina a Tcheya akudutsa pakhondepo, a Nangondo anaimitsa makina.

"A Tcheya, kodi mchira wa satana uja unagwira?"

"Unagwira, mayi! Anthu anaseka mpaka kugwa m'mabenchi."

"Ndinawamva. Koma inenso ndikufuna ndidzauone ndi maso angawa."

"Nanga vuto lili pati? Amuna alipo ambiri m'gulumu. Akunyamulani."

"Ndine thumba la chimanga ine?" anafunsa a Nangondo. "Chitenje chikamasuka pamaso pa anthu, mudzandiveka ndinu? Ndikufuna kulowa ndekha, monga mumalowera inuyo."

"Zoona zimenezo," anavomera a Tcheya, ndipo m'maso mwawo munalengeza misozi, poti analidi katswiri wa zisudzo. "Tikonza. Koma mudekhe, kuthamanga si kufika."

Mwamwayi, kumzinda kunali bungwe lothandiza magulu a zaluso. Mkulu wake, Mayi Nyirongo, analankhula ndi a Tcheya pafoni, ndipo posakhalitsa lole inatsitsa matumba a simenti oti amangire njira yotsetsereka, yolowera njinga za olumala. Mmisiri sanasowe. Mlamu wawo wa a Tcheya, a Sipiliyano, anali womanga nyumba, ndiponso m'gulumo ndiwo ankakhala kuseri kwa nsalu kukumbutsa mawu ochita sewero akaiwala.

"Alamu, papsa tonola," anatero a Sipiliyano. "Mchenga ulipo. Ndiyambe mawa?"

"Mawa? Popanda mwambo? Ntchito ngati imeneyi imafuna munthu wamkulu agwire fosholo yoyamba, wojambula ali pomwepo."

Munthu wamkulu sanapezeke. Kenaka dzuwa linakula, a Tcheya anati madzi akuvuta pamjigo, adikire mvula. Mvula itabwera anati ndani amathira simenti pamvula. Itatha anati anthu ali kokolola. Matumba aja anangokhala phee m'kachipinda kosungiramo katundu, pansi pa lata lodontha limene ankati adzalimata mawa.

Musaganize kuti anangopinda manja. Anaitana wopenta, amene anajambula pakhoma munthu ali panjinga ya olumala, ndi mawu akuluakulu akuti ONSE NDI OLANDIRIDWA. Pansi pake panali muvi woloza masitepe. Atatero analemba sewero latsopano lotchedwa "Khomo N'lathu Tonse", lodzudzula anthu ouma mtima amene amatsekera olumala kunja. Gawo lalikulu linali la bambo woyenda panjinga, ndipo mwangozi linagweranso iwo omwe. A Nangondo anasoka jekete la bamboyo, lobiriwira, la mabatani owala.

Ndiye kunabwera foni. Mayi Nyirongo anati afika Loweruka kudzaona njira ija pamodzi ndi sewerolo, ndipo zikawasangalatsa atenga gululo kukasewera pachikondwerero cha kumzinda. Moyo wawo wonse a Tcheya ankalota ataima pasiteji ya kumzinda, magetsi akuwawalira pamphumi. Anathamangira kukachipinda kaja ndi mlamu wawo. A Sipiliyano anagogoda thumba limodzi ndi hamala, ndipo linayankha kuti ngwe!

"Alamu, simenti yanu yatopa kudikira. Yamanga yokha."

A Tcheya anatuluka thukuta, koma nzeru sizinawathere. Analamula kuti miyala ya simentiyo aisanjikize ngati makwerero, pamwamba ayalepo chitseko chakale ndi matabwa. Kutsogolo anakana, ati masitepe ofiira ndi nkhope ya holo, ndipo munthu sumata matabwa pankhope. Choncho njirayo inaikidwa kukhomo lakuseri, kufupi ndi zimbudzi, kumene chitunda chinkatsika kwambiri kulowera kumsika.

A Sipiliyano anaima pamwamba, n'kusuzumira pansi. "Apa ngakhale mbuzi ingayambe yapemphera isanatsike."

"Mlendo adzangoyang'ana, alamu. Mukuganiza kuti adzakwerapo?"

Loweruka m'mawa a Tcheya anatsikira pakhonde paja, akumwetulira.

"A Nangondo, njira yanu yatha. Lero mulowa."

"Zoona, a Tcheya?" Mayiwo anagwira pachifuwa. Anali atasita kale chilundu chawo chatsopano, koma ankaopa kukhulupirira.

"Zoona. Koma tibwerekeniko njingayi tikayeserere, sewero lioneke lenileni. Paja ndi la inu nomwe. Tikangomaliza tibweza, mubwere nayo nokha."

A Nangondo anazengereza pang'ono, poti njingayo ndiyo inali miyendo yawo, koma anavomera. Amuna a m'gululo anaikankha mpaka kuholo, n'kuinyamula pamasitepe. Motero njinga ya a Nangondo inaona siteji mwini wake asanaione.

Kuyeserera kutatha, a Sipiliyano anati, "Alamu, tikabweze njinga ya eni ake."

"Tibweza. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anadekhadi, mpaka kunamveka kuti galimoto ya mlendo yafika pamlatho. Gulu lonse linathamangira kumsewu kukamulandira ndi nyimbo. A Tcheya anatsala okha, ndipo apa m'pamene anakumbukira zinthu ziwiri: njinga sanabweze, njira sanaiyese. Anaganiza zochita zonse pakamodzi. Anakhala panjingapo, n'kuilozetsa kukhomo lakuseri. Miyezi yonse ija yolemba za moyo wa olumala, anali asanafunsepo a Nangondo kuti buleki imagwidwa pati.

Tayala lakutsogolo litangogunda chitseko chija, dziko linapendekeka. Njinga inaliyatsa liwiro, matabwa anagumuka m'mbuyo mwake, ndipo a Tcheya anauluka n'kukatera ndi mapazi onse awiri m'ngalande. Njingayo sinaime kuti iwapepese. Inatsetsereka yokha ndi kanjira ka kumsika ngati mbuzi yodziwa khola, mpaka kukaima pa mulu wa mchenga pafupi ndi khonde la mwini wake.

A Tcheya anayesa kuimirira, koma anakhalanso pansi ndi kubuula. Akakolo onse awiri anali atabinya, ndipo anayamba kutupa iwo akuona. Kutsogolo kwa holo nyimbo zinali zitayandikira.

"A Tcheya! A Tcheya ali kuti?"

Anamva bwinobwino, koma anatseka pakamwa. Mlendo wolemekezeka awapeze m'ngalande ya kuzimbudzi? Bola kufa. Anadzilimbitsa mtima kuti gawo lawo ndi lokhala pansi. Akangofika pasiteji, n'kuvala jekete lija, n'kukhala pampando, palibe adzadziwe kanthu, ndipo ulendo wa kumzinda ukhalapobe.

Matabwa anali atagwa, choncho panatsala masitepe akuseri, aatali kuposa akutsogolo. A Tcheya anagwada, n'kuyamba. Dzanja, bondo, mimba. Kwawu! Dzanja, bondo, mimba. Kwawu! Sitepe iliyonse inkawafika pachifuwa, ndipo anatukwana mumtima munthu amene analamula kuti zikhale zazitali chonchi, mpaka anakumbukira dzina lake. Thalauza linang'ambika m'mawondo. Ali pakati anamva mabenchi akukokedwa m'katimo, n'kuganiza kuti akukonzera mlendo malo. Anapuma pang'ono, poti tsopano kudekha kunali kokakamiza.

Chimene sankadziwa n'chakuti Mayi Nyirongo, amene iwo ankangowadziwa mawu pafoni, anatsika m'galimoto n'kukhala panjinga yawoyawo ya olumala. Anayang'ana chithunzi chapakhoma, anatsatira muvi ndi maso, n'kuona masitepe. Patsinde pake anapezapo a Nangondo, amene anali atakwera njinga yawo yobwera yokha ija n'kupalasa kudzafika pamalo awo a masiku onse.

"Mayi, inu mumalowera pati?" anafunsa mlendoyo.

"Ine ndimaonera ndi makutu, pompano."

"Basi, nanenso ndikhala pompano. Amene akufuna kuti ndione sewero alibweretse kuno."

Pamene a Tcheya ankatulukira pasiteji, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, anapeza holo ili yokhayokha. Mabenchi kunalibe. Pa msomali pamene panali jekete lobiriwira panali msomali wokha. Anakwawa kudutsa holo yonse mpaka kukhomo lakutsogolo, koma linali lokhoma ndi loko kunja. Limenelo linali lamulo lawo lomwe, lakuti m'holo mukakhala mopanda anthu muzikhomedwa.

Ndiye kunja kunaphulika chiseko.

A Tcheya anatsamira chitseko. Anamva mawu a Sipiliyano, munthu amene ankadziwa sewero lonse pamtima koma anali asanapatsidweko gawo, akulankhula mawu awo, atavala jekete lawo. Chiseko chinabweranso. Kodi wachita chiyani? Wagwetsa chipewa? Wakwinya nkhope? Anasuzumira pamng'alu wa chitseko, koma ankangoona thambo. Pakati pa chisekocho panali mawu amodzi okwera, a munthu woseka mpaka kutsamwa, ndipo anawazindikira. Zaka zonsezo anali asanamvepo a Nangondo akuseka. Apa misozi inatsika, ndipo ulendo uno sinali ya zisudzo. Anachita manyazi, ana inu, manyazi enieni.

Panalibe njira ina. Anabwerera ndi mimba kudutsa holo, anatsika masitepe akuseri chafutambuyo, n'kuzungulira khoma lonse pansi pa mawu aja akuti ONSE NDI OLANDIRIDWA. Anatulukira pangodya anthu akuwomba m'manja, sewero litatha. Anthu analeka kuwomba mmodzimmodzi, ndipo pabwalo ponse pankangomveka kwawu, kwawu, kwawu.

A Sipiliyano anathamanga, mabatani akuwala. "Alamu! Tabwerani amuna inu, tiwanyamule!"

"Ndisiyeni!" anakuwa a Tcheya. "Ndine thumba la chimanga ine?"

Atangotero anakumana maso ndi a Nangondo, ndipo anazolika. Mayiwo sanawaseke. Anapukuta misozi ya chiseko cha sewero ndi nsonga ya chilundu, n'kunena mofatsa, "Jekete lija limakhala bwino pamunthu, a Tcheya. Ndaliona ndekha. Koma mabataniwo ndinawatalikitsa, ndikawakonza lero lomwe."

"Kodi bambowa ndi ndani?" anafunsa Mayi Nyirongo.

"Ndi amene munawatumizira simenti aja," anayankha a Nangondo. "Amalinda tsiku labwino."

Gulu linapitadi kumzinda, ndipo magetsi anawalira pamphumi pa a Sipiliyano. A Tcheya anatsala kunyumba, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Njira yotsetsereka inamangidwa kutsogolo kwenikweni, pakati pa masitepe ofiira, popanda munthu wamkulu kapena wojambula. Amene ankaumiriza amisiri kuti afulumire anali a Tcheya omwe, poti ndi ndodo ziwiri m'khwapa sakanatha kulowa muofesi yawo. Pamene mmisiri wina anati simenti iyambe yauma, adikire mawa, akuti a Tcheya anatsala pang'ono kumugenda ndi ndodo.

Kuyambira pamenepo, pa Mlambewagwa munthu akati denga adzafolera mawa, kapena mawu a sewero adzaloweza mawa ngati mnzanu uyu, anthu samukalipira. Amangomuloza masitepe ofiira aja, n'kumuuza kuti: Zengerezu adalinda kwawukwawu.