Amama Anenepa pa Sikirini

Lolemba

Uthenga wafika kuchokera kumudzi ku Chikwa. Mlongo wanga Yotamu akuti Lamulungu abwera ndi Adada pa njinga yamoto, mvula isanatseke njira. Adada akufuna chinthu chimodzi basi, kuona nkhope ya Amama.

Chithunzi cha Amama chilipo chimodzi chokha. Ndinajambula ndine pa Khirisimasi, pansi pa mtengo wa mango, miyezi iwiri asanatisiye. Chili m'foni mwanga, ndipo chiikire maliro sindinachiyang'anitsitsepo, ndimangochidumpha msanga ndi chala. Adada anayesa kuchiona. Foni anaifikitsa mpaka pamphuno, n'kunena kuti akuona kuwala chabe. Maso awo akuzima pang'onopang'ono, ndipo kuchipatala anatiuza kuti chaka chamawa mwina sadzaonanso kanthu.

Ndiye pulani yanga nayi:

1. Kupempha Ahedi a pasukulu pathu makiyi a chipinda cha kompyuta.
2. Kuika chithunzi pa sikirini yaikulu ija.
3. Kusesa, kupukuta fumbi, kupeza mpando wosagwedera.
4. Osalira.

Ahedi akupereka makiyi ngati ndikuwazula dzino. "Ba madamu, iyo ni katundu ya boma. Mukaononga, ine siniliko." Mphunzitsi wa kompyuta, a Lungu, anawasamutsira ku Lundazi temu yatha, ndipo chichokereni iwo makinawo angokhala pakona atafunda chitenje ngati namfedwa.

Ana ataweruka, ndalumikiza foni. Chithunzi chatseguka.

Mayo ine! Ndani uyu? Masaya uku ndi uku, mapewa odzaza sikirini yonse, mutu wophwatalala ngati dzungu. Duku ndi lawo, chitenje cha maluwa achikasu ndi chawo, koma Amama sanakhalepo chonchi chibadwire changa. Beseni lomwe lili pambali pawo lasanduka bwato.

Ndajambula chozungulira kuti ndiyese makina. Chatuluka dzira. Chabwino, vuto si Amama. Masiku alipo okwanira, ndikonza.

Lachiwiri

Pasukulu pano netiweki imapezeka malo amodzi, pamwamba pa chulu kuseri kwa zimbudzi. Ndakwera nthawi ya buleki, dzuwa likuotcha pakhosi, mbuzi ziwiri zikundiyang'ana ngati ndalanda malo awo.

Ndaimbira a Lungu, iwo akuseka. "Ni rezolushoni chabe, madamu. Sikirini yanu ni yotambalala, manje kompyuta ituma chithunzi cha masikirini akale aja a bokosi, ndiye ichikoka kuti chikwane. Sankhani manambala ena, zasila."

Zasila, ati zatha basi! Anthu odziwa zinthu amalankhula mopepuka bwanji.

Manambala ndawapeza, ndi atatu okha:

800 ndi 600. Amama onenepa, ndipo nkhope yachita timabokosi ngati mkeka.

1024 ndi 768. A dzulo aja.

1280 ndi 1024. Anenepa kuposa dzulo! Zilembo zachepa ngati nyerere, mpaka ndikusaka pobwerera kwa mphindi khumi.

Chomwe ndaphunzira lero ndi ichi. Ukasintha nambala, pamabwera kabokosi kofunsa ngati ukufuna kusunga zimene wachita. Kamawerenga masekondi khumi ndi asanu chobwerera m'mbuyo, ndipo ukapanda kuyankha, zonse zimabwerera mmene zinalili. Ndakhala ndikukayang'ana kabokosiko nthawi yaitali. Zinthu zambiri ndikanazibweza chaka chino chikhala kuti wina anandifunsa kaye.

Masamu a ana sindinachonge.

Lachitatu

Nzeru zatsopano. Pansi pa sikirini pali timabatani tinayi tomwe sindinatione. Ndati mwina yankho lili m'menemo.

Zotsatira za ntchito ya lero:

Batani loyamba latulutsa mndandanda wa mawu.

Lachiwiri lasintha mawuwo kukhala chilankhulo china, zilembo zonga mapazi a nkhuku. Sindikudziwanso pomwe ndili.

Lachitatu lakankhira chithunzi kumanzere. Khutu la Amama ndi phewa limodzi zalowa m'pulasitiki.

Lachinayi lazimitsa zonse, ndipo ndathokoza.

Ndayatsanso, ndagwedeza nthambo yabuluu yakumbuyo. Khutu labwerera, koma tsopano dziko lonse lafiirira ngati madzi otsukira nyama. Mtengo wa mango wofiira, thambo lofiira, Amama ofiira ndi onenepa.

Ahedi asuzumira pakhomo kudzaona katundu wa boma. Ayang'ana, agwedeza mutu mokhutira. "Ndiye amai anu aba? Iyayi, benze kudya bwino!"

Ndaseka nawo. Atachoka ndalowa m'sitolo ya choko n'kudzitsekera. Chaka chimene ndinajambula chithunzichi njovu zinalowa m'munda mwathu kawiri, ndipo chimanga chimene chinatsala sichinadzaze ngakhale theka la nkhokwe. Ine ndinkatumiza ufa ndikakumbukira. Amama pafoni ankangoti zonse zili bwino, ndipo ine ndinkakonda yankho limenelo chifukwa silinkandivutitsa.

Nambala 4 ya pulani yagwa kale, Lachitatu.

Lachinayi

Lero ndaona kuti sikirini ikunjenjemera pang'ono, makamaka ukaiyang'ana cham'mbali. Maso a Adada sangapirire zimenezi. Kuchulu!

A Lungu akuti sikirini imaphethira kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo pali nambala yoonetsa kuti ikuphethira kangati. "Muone pamene palembedwa 60." Apa netiweki yaduka. Ndaimbanso katatu, zii.

Ndabwerera. 60 ndaipeza, ndipo pansi pake pali 75 ndi 85. Ine ndine mphunzitsi wa masamu, ndikudziwa kuti 85 imaposa 60. Adada ayenera zabwino koposa. Ndasankha 85.

Mdima.

Pakati pa mdimawo kabokosi kakang'ono kakuyandama uku ndi uku, kakunena m'Chingerezi kuti ndapyola malire. Ndikanangopinda manja masekondi khumi ndi asanu, zikanabwerera zokha, ndinaphunzira zimenezi dzana lomweli! Koma ayi, manja anga anzeruwa ayamba kumenya mabatani onse, ndipo limodzi mwa iwo lavomera kuti tisunge. Ndasunga mdima.

Ndazimitsa, ndayatsa. Mdima.

Ndachotsa nthambo zonse, ndaziuzira, ndabwezera. Mdima.

Ndaipempha mwaulemu. Ndaitukwana m'Chisenga. Kabokosi kakungoyandama.

Yotamu watumiza uthenga. Akuti Adada achapitsa jekete lawo la kutchalitchi, ndipo akufunsa aliyense wodutsa ngati lero ndi Lamulungu. Akuti auza anthu onse kuti akupita ku boma kukaonana ndi NyaGoma. Ndi mmene ankawaitanira Amama zaka zonse, sindinawamvepo akutchula dzina lina.

Ndayankha kuti zonse zili bwino. Mwana wa mayi ake.

Lachisanu

Ahedi sakudziwa kanthu. Ndaifunditsa chitenje kompyuta, ndipo podutsa pa ofesi yawo ndikuyenda ngati munthu wopanda mlandu.

Ana ataweruka, nkhondo yayamba. Vuto ndi lakuti a Lungu ali pachulu, kompyuta ili m'chipinda, ndipo pakati pake pali bwalo lonse la mpira. Foni ikatsika chulu imafa. Ndiye ndikumvera malangizo pamwamba, kuthamanga nawo ngati madzi a m'manja, kufika m'chipinda theka latayika.

Ulendo woyamba: akuti ndiyatse n'kumadina batani lina lapamwamba mosalekeza. Ndafika, ndaiwala kuti liti.

Wachiwiri: ndalemba padzanja. Thukuta lafufuta.

Wachitatu: ndalemba ndi choko pa silipasi. Zatheka! Patuluka mawu oyera pa mdima.

Wachinayi: kukafunsa kuti ndisankhe ati. "Madamu, mupuma monga mwathamangitsiwa na njati, muli bwino?" Sindili bwino, a Lungu.

Wachisanu: ndaponda minga.

Wachisanu ndi chimodzi: ndabwezera 60. Ndamanga tizitsulo tiwiri ta nthambo yabuluu, tinali tomasuka, ndipo kufiira kwatha, kunjenjemera kwathanso. Nthawi yonseyi inali nthambo!

Ndatsegula chithunzi. Abwera, masaya awo aja, mapewa awo aja. Ndamva pakamwa panga pakunena kuti, "Mwabwera, Amama." Sabata yonse ndakhala ndikulimbana ndi mayi wonenepayu, lero ndamusowa ngati ndimamudziwa.

Kuwerengera bwino, masiku asanu a ntchito andifikitsa pomwe ndinali Lolemba.

A Lungu akumbukira mochedwa kuti anasiya fulashi m'dirowa, yomata tepi yofiira. Muli kapulogalamu kothandiza kompyuta kuzindikira sikirini yake, ndipo nambala yoyenera ikatuluka. Kiyi wa dirowa ali ndi Ahedi. Ahedi apita kumsonkhano.

Loweruka

M'mawa ndawapeza Ahedi kunyumba kwawo akutsuka njinga. Andipatsa kiyi osafunsa zambiri, angoyang'ana phazi langa lomanga nsanza.

Fulashi ilipo. Ndachita zonse mmene a Lungu ananenera, pang'onopang'ono, manja kumbuyo ngati mwana wolangidwa. Kompyuta yazima, yadziyatsa. Pamndandanda paja pabwera nambala yachinayi, 1366 ndi 768.

Ndatsegula kaye chithunzi kuti ndione kusintha ndi maso anga. Ndasankha nambala. Sikirini yaphethira kamodzi.

Beseni lakhala beseni. Mtengo wa mango waima bwino. Zonse zili mbee, mpaka ulusi wa duku ukuoneka.

Ndipo Amama ndi awa.

Khosi ngati la mwana. Mafupa awiri apansi pa khosi atuluka, bulauzi ikulendewera pa iwo. Chitenje achizunguliza kawiri. Dzanja lomwe aika pabondo ndi mitsempha yokhayokha. Akumwetulira, chifukwa ndinawauza kuti amwetulire, ndipo kumwetulirako kwatenga nkhope yonse poti palibenso china chotsala.

Ndinalipo tsiku limenelo. Ndinaima patsogolo pawo ndi foni, ndinawauza kuti asunthire kumthunzi, ndinadya nawo, m'mawa mwake ndinakwera galimoto kubwerera kuno. Sindinaone. Kapena ndinaona n'kuyang'ana kumbali, sindikudziwa chomwe chili choipa kwambiri. Ndili ndi chisoni, koma manyazi ndiwo akundiwawa koposa.

Kabokosi kabwera, kakufunsa ngati ndikufuna kusunga. Khumi ndi asanu. Khumi ndi anayi. Dzanja lili pa mausi. Ntchito ya sabata yonse, minga, chulu, zonse zafika apa, ndikungoyenera kudina kamodzi. Ndikuganiza za Adada atavala jekete lawo, nkhope yomaliza yomwe maso awo adzasunge.

Zitatu. Ziwiri.

Lero ndapinda manja.

Sikirini yaphethira, masaya abwerera. Ndasesa chipinda, ndabweretsa mpando wa kunyumba kwanga, ndatseka.

Lamulungu

Afika masana, fumbi mpaka m'nsidze. Adada atsika njinga miyendo itauma, jekete lili m'pepala la pulasitiki kuti lisade. Alivala pakhomo pa chipinda cha kompyuta, amanga mabatani onse, avula chipewa. Madzi akana, akuti pambuyo.

Ndawakhazika. Ndatseka mawindo kuti kuwala kusawasokoneze. Ndatsegula chithunzi.

Asendeza mpando mpaka mphuno yatsala pang'ono kugunda galasi. Akuyenda ndi maso pang'onopang'ono, kuyambira pa duku, kutsika. Yotamu wandiyang'ana, watsegula pakamwa, ndamuponda phazi.

"NyaGoma," atero Adada. Aika chala pa tsaya lonenepalo, achisiya pomwepo.

Kenaka aseka pang'ono, osatembenuka.

"Makina ako ali na ulemu, mwana wane. Ine ndine n'nali kumunyamula kupita naye padzuwa. Nidziwa mmene anali kulemera."

Ndayamba kufotokoza kuti ndi rezolushoni, kuti nambala yoyenera ilipo, kuti ndikhoza kukonza pompano. Mawu akutuluka okhaokha ngati a Lungu.

"Leka. Uja wowonda nili naye kale, sachoka m'maso. Uyu ndiye n'nali kufuna kumudyetsa afike." Apukuta galasi ndi mkono wa jekete pomwe chala chawo chadetsa. "Usakonze."

Akhala pamenepo mpaka batire la sola layamba kulira. Ndazimitsa ndine, iwo atanena kuti basi.

Anyamuka dzuwa lisanalowe, kum'mawa kukuchita mitambo. Pulani ya Lolemba ndayiyang'ananso. Makiyi ndinapempha, chithunzi ndinaika, mpando sunagwedere. Nambala 4 talephera tonse atatu.

Mawa ndibweza makiyi. Ahedi akafunsa chifukwa chake zozungulira zikutulukabe ngati mazira, ndidzawauza kuti zandikanika.