Mmene bwato langa linaliritsira apongozi ali moyo

Mpaka lero ku Nkolokosa kuli amayi ena amene akandiona amayang'ana kumbali, ndipo sindiwadandaula. Ndinawaliritsa pachabe Loweruka lina m'mawa, misozi yeniyeni, ena atasiya nyemba pamoto. Koma musanandiweruze, dziwani kuti bwatolo linayandama. Ndayamba ndi pamenepa dala, chifukwa anthu akamasimba nkhaniyi amapalumpha.

Ine ndi madzi tinalibe chibale. Agogo anga anachoka ku Mozambiki wapansi n'kudzakhala m'tsinde mwa phiri ku Phalombe, ndipo kwathu madzi akafika m'chiuno timati ndi ngozi. Ndiye taonani, ndinakakwatira Marita, mwana wa a Zuze a ku Nsanje, munthu amene anakula akuwolotsa anthu pa Shire asanabwere ku Limbe kudzagwira ntchito ya njanji. Atapuma ntchito, shuga atayamba kuwavuta, anabwera kudzakhala nafe.

Mkuluyu sanandilalatirepo, ayi. Kungoti dzina langa sankalitchula. Ine ndinali "akuphiri". "Akuphiri adzuka?" "Akuphiri ayambanso chiyani?" Funso lachiwirili linali ndi pochokera pake, chifukwa kuseri kwa nyumba kunali khola la zinziri lopanda denga ndi njinga yamoto yopanda injini, zonse ntchito zanga zosamaliza. Zinkandiwawa, ndisaname. Ndinkangofuna tsiku limodzi lokha mdalayu avomere kuti mwana wake anakwatiwa ndi munthu.

Ntchito yanga ndi yokonza mipope (musaiwale zimenezi: tepi yoyezera sichoka m'thumba mwanga). Tsiku lina ndikukonza thanki kunyumba ina ku Nyambadwe, ndinaona chinthu chitagona m'udzu kuseri kwa garaja. Anali mabwato awiri oonda ngati mapasa, olumikizidwa ndi zitsulo ziwiri zopingasa, ndipo pambali panali mlongoti wake wa thanga, chinsalu chokola mphepo. M'bwato limodzi nkhuku inali itaikiramo mazira.

"Analisiya mzungu amene ankakhala muno kale," anatero mwini nyumba. "Mukandichotsera, ndi lanu."

Munthu wanzeru akanathokoza n'kumapita. Ine ndinalimasula, n'kulikweza pa pikapu zidutswazidutswa. Pa geti la kwathu mabwato aja analowa limodzilimodzi, bwinobwino, opanda kukhula paliponse.

A Zuze anali pakhonde. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Akuphiri, mabwato awiri oonda chonchi, limodzi lonenepa linalakwanji?"

"Amayendera limodzi, bambo. Ndi mphepo."

"Mphepo." Anagwedeza mutu. "Chabwino. Likadzayandama, woyamba kukwera ndidzakhala ine."

Marita anaseka mpaka kukhala pansi. Ine ndinati basi, apa ndiye pofera.

Miyezi isanu ndi iwiri, abale anga! Mphunzitsi wanga anali mavidiyo a pafoni ndi mkulu wina womata mabampala a galimoto ku Limbe, amene anandionetsa faiba, kansalu ka ulusi wagalasi kamene amamata ndi mankhwala onunkha. Sanandiuze kuti fumbi lake limayabwa kuposa chitedze. Sabata yoyamba ndinkadzikanda m'minibasi mpaka anthu kundisiyira mpando wonse. Kenako ndinaganiza kuti mankhwala oumitsa aja ndikathira ambiri ntchito ifulumira. Chitini chinatentha, chinafuka utsi, burashi n'kuumira momwemo chiimire (ilipobe, Marita amatsekera chitseko kuti chisamenyeke ndi mphepo). Thanga ndinakasoketsa kwa telala wa pakhonde, amene atamva muyeso anavula magalasi n'kufunsa ngati mayi ake a diresiyo akubwera okha kudzayesa.

Koma pang'onopang'ono chinthu chija chinayamba kuoneka. Mabowo ndinatseka, ndinapala mpaka zala kutha zidindo, ndinapaka penti wachikasu katatu. Mwezi wachisanu a Zuze anatsika pakhonde koyamba, n'kuyamba kugogoda bwato ndi ndodo yawo, khutu ali tcheru. Anaima pamalo pena.

"Apa pakulira mosiyana."

Nditapala, panalidi pofewa ngati papaya. Anabwerera pampando pawo. Tsiku limenelo ndinadya ndi mtima woyera.

Polumikiza mapasa aja ndi pamene ndinadzitchera ndekha msampha. Mabawuti akale anali atadyeka ndi dzimbiri, ndiye ine, poopa kuti apongozi angagawanike pakati pa madzi, mwendo uku mwendo uko, ndinakhoma zitsulo zija ndi marivetsi, misomali yosamasulika ija, n'kumatanso faiba pamwamba. Ndinati izi sizidzamasukanso mpaka lipenga lomaliza. Pakati ndinakunga lona watsopano wokhalapo. Ndinaima patali, manja m'chiuno, ndipo ndikunena pano mosaphethira: linali lokongola.

Ndinapempha chilolezo pa damu la esiteti ina panjira ya ku Thyolo, n'kupangana ndi mwini lole kuti abwere Loweruka m'mawa. Poti tinati tikabwerako tidzadye ndi anzathu, ndinabwereka mabenchi kutchalitchi n'kumanga tenti pabwalo. A Zuze anali atangotuluka m'chipatala sabata imeneyo, koma anakana kutsala. Anavala suti yawo yakuda, n'kukhala chire kudikira.

Bwatolo tinalinyamula anthu anayi: ine, dalaivala ndi anzanga awiri. Tinayenda bwino mpaka pa geti. Gu! Tinabwerera m'mbuyo, tinayesa chopendeketsa. Gu! Geti lathu lili ndi mtanda wa simenti pamwamba, ndiye choimika sichinathekenso. Apo ndi pamene ndinatulutsa tepi ija, patatha miyezi isanu ndi iwiri. Geti linaperewera chikhatho chimodzi ndi zala zitatu.

"Masulani, bwana," anatero dalaivala.

Ndinamuyang'ana, iye n'kuyang'ana faiba uja.

Njira inatsala imodzi, kulidutsitsa pamwamba pa mpanda wa njerwa, koma anthu anayi sitikanatha. Tinalitsitsa pansi pa tenti. Dalaivala anayandikitsa lole kumpanda, n'kutseka msewu wathu wonse, pakona penipeni. "Ikani chizindikiro, angatigunde," anatero. Ine mutu uli wee, ndinathamanga ndi chikwanje, n'kusadza nthambi za mango, n'kuziyala chopingasa msewu, kumtunda ndi kumunsi. Inde, ndikudziwa. Ndinabadwira m'Malawi momwe muno. Koma nthawi imeneyo m'mutu mwanga munali geti lokhalokha.

Tikukangana kunja za mmene tichitire, a Zuze anatopa ndi kudikira. Anakwera pa lona uja pakati pa mabwato, n'kugona chagada, manja pachifuwa, chipewa kumaso.

Tsono dziikeni m'malo mwa mayi Nachisale, aneba athu, amenenso ndi mkulu wa amayi kutchalitchi. Mukuchokera kogula tomato. Mwaona masamba pamsewu. Mwaona lole, tenti, mabenchi. Mukudziwa kuti m'nyumbamo muli mdala wotuluka kumene m'chipatala. Mwasuzumira pa geti, ndipo uyo ali gone mu suti yakuda.

"Mayo ine! A Zuze atisiya!"

Ku Nkolokosa mawu otere sasowa thiransipoti. Ndisanamalize kunena kuti "Mayi, dikirani," bwalo linali litadzaza. Amayi ankalowa akumanga zitenje m'chiuno, abambo zipewa zili m'manja, ena atayamba kale kufunsa za nkhuni. Ndinakuwa kuti palibe wamwalira, koma abambo awiri anandigwira mapewa n'kumati, "Limbani mtima, achimwene, poyamba zimavuta kukhulupirira." Marita anatuluka m'khitchini chipande chili m'manja. Amayi anamukumbatira akulira, iye anaona bambo ake ali gone, chipande n'kugwa. Kulira kwake kuja sindidzakuiwala, ndipo pa zonse zimene ndinalakwa tsiku limenelo, chimene chimandiwawabe ndi chimenechi.

Wina anayambitsa nyimbo. Itafika pa vesi yachiwiri, chipewa chija chinasuntha. A Zuze anadzuka n'kukhala tsonga.

"Wafa ndani?"

Ena anathawa kudzera pa geti lomwe lija (iwo anakwanapo). Mayi Nachisale, misozi ili mbwee, anayankha motsitsa mawu, "Inuyo, bambo."

Mdala uja anadzigwira pachifuwa, ngati akufuna kutsimikiza. Kenako anafunsa, "Anaika masamba ndani?"

Maso onse anatembenukira kwa ine, chikwanje chikadali m'manja. Ndinadziwa kuti zatha. Khola la zinziri, njinga yamoto, tsopano maliro a apongozi amoyo. Anthu anayamba kung'ung'udza, mayi Nachisale akuti nkhaniyi ikafika kwa abusa, abambo akuvala zipewa kuti azipita.

A Zuze anatsika pang'onopang'ono, anamusisita Marita pamutu, n'kugogoda ndodo pansi.

"Taimani, abambo inu. Si munabwera kudzandinyamula? Ndiye musabwerere chabe. Ine ndiyenda ndekha. Nyamulani ili."

Wina anaseka, kenako onse. Ndipo ndikuuzeni, palibe anthu odziwa kunyamula chinthu chachitali mogwirizana kuposa amuna ozolowera kunyamula bokosi. Sanafunike kuphunzitsidwa. Anaima mizere iwiri, ena anakwera pa mabenchi, ena pa lole, n'kumapatsirana phewa ndi phewa, a Zuze akulamula ngati ali padoko: "Kumutu kwezani! Kumchira dikirani!" Bwato linadutsa pamwamba pa mpanda osakhudza njerwa ngakhale imodzi.

Ku damu linayandama. Ndibwerezenso: linayandama, osalowa ngakhale dontho. Woyamba kukwera anali a Zuze, suti ili m'thupi, buluku atapinda. Mphepo itagwira thanga tinathamanga mpaka ine kuyamba kupemphera, chifukwa mavidiyo aja ndinaonera a kukonza okhaokha, a kukhota ayi. Tikulunjika m'bango, mdala anandilanda chiwongolero, anayang'ana mmene madzi akuchitira makwinya, n'kulitembenuza ngati analiyendetsapo chibadwire. Nkhope yawo inali ya mnyamata.

"Lero ndaona maliro anga," anatero tili pakati pa damu. "Ndinawerenga. Anthu anabwera."

Titafika kumtunda, mlonda wa pa esiteti anafunsa kuti bwato lotere tinagula kuti.

"Kugula?" anatero a Zuze. "Linali chikuni cha nkhuku ili. Wakonza ndi manja ake mwana wangayu."

Ndinawerama n'kumamanga chingwe chomangamanga kale, kuti asandione m'maso.

A Zuze anakhala ndi moyo zaka zina zitatu, ndipo pafupifupi mwezi uliwonse tinkapita ku damu kuja (bwato limakhala komweko, kunyumba silinabwererenso). Tsiku limene anatisiya zenizeni, masamba pamsewu ndinakaika ndine. Panapita nthawi bwalo lili zii, popanda wolowa. Kenako mutu wa mayi Nachisale unatulukira pamwamba pa mpanda.

"Achimwene," ananong'ona, "ndi bwato kapena?"

Anthu amati phunziro la nkhaniyi n'lakuti uziyamba wayeza geti. Mwina. Koma ndikanayeza, bambo anga aja akanapita osadziwa kuti ku Nkolokosa kuli anthu ochuluka chotero owalira, ndipo ine bwenzi ndikadali akuphiri.