Njati ya ku Corby ndi Chikwama cha Mayi Doreen

Inu mukuseka pakonapo, sekani, mano ndi anu. Koma Njati ya ku Corby, chilombo cha chigoba chakuda chimene chinkagwetsa amuna m'maholo kuyambira ku Derby mpaka kuno ku Leicester, ndine ndemwe.

Masewera ogwetsana a kuno ali ndi mwambo wake: pamakhala wabwino, pamakhala woipa, ndipo woipa amakhuta ndi kudedwa. Ine ndinkadedwa, abale! Loweruka lina m'holo ya ku Corby ndinagwira chimzungu cholemera ngati basi ya ku Beaumont Leys, n'kuchizunguza mpaka mphepo yake inazimitsa magetsi, n'kuchiponya, icho n'kuboola denga, anthu n'kupita kukamwa tiyi, n'kubwerako chisanatsike, ndipo chitagwa pansi panagwedezeka mpaka makatoni a m'mashedi onse osungiramo katundu a ku Corby anadzikweza okha m'malole. Mukumva?

Pampando wakutsogolo pankakhala Mayi Doreen, mzungu wa imvi, amene ntchito yawo inali kundikwapula ndi chikwama cha m'manja ndikamadutsa. Munali njerwa m'menemo, ndikulumbira pali Mulungu. Chotupa chake chikadalipo, gwirani apa.

Chithunzi? Chilipo, koma chikuonetsa chigoba. Ine ndinavinidwa ku Dowa, ndipo kwathu chilombo sichionetsa nkhope pagulu. Anzanga akatha masewera ankajambulitsa ndi anthu, ine n'kumazembera khomo lakuseri kukavulira kuseri kwa mabini. Ngakhale malemu mkazi wanga ankangodziwa kuti ndili ku shifiti. Lero holo ija amagulitsiramo makapeti, anzanga aja anatha kufa, ana anga ndikawauza amangoti, "Okay, Dad." Zimandiwawa, musaone kuseka.

Mboni inatsala imodzi. Ndinaipeza kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito: Mayi Doreen omwe aja, mutu utabalalika, osadziwa ndi dzina la mwana wawo lomwe. Ndinaswa mwambo. Ndinavala chigoba iwo akuona, n'kuwagwiritsa chikwama m'manja, n'kubangula kubangula kumene kunkagwetsa njiwa padenga, n'kuweramitsa mutu kuti andimenye kamodzi kokha, pakhale munthu mmodzi padziko wodziwa kuti Njati inaliko.

Anandiyang'ana, n'kundiyang'ananso. Kenako anandisisita patsaya, n'kundifunsa mwaulemu ngati tiyi wapsa.

Ine amene ndinagwedeza Corby yense ndinavula chigoba n'kukatereka madzi. Sekanitu tsopano.