Sabata Imene Ndinakweza Pikapu ku Biwi

Lolemba

Mimba ya pikapu yakhulanso pansi. Pa kamsewu kolowera ku madimba a ku Njewa, pomwe mvula yakumba ngalande pakati penipeni. Khwee! Ndikutsika, ndikusuzumira: ekizozi ikulendewera ngati mchira wa nkhosa. Ndaimanga ndi waya.

Kabichi yense tasenza pamutu kuchokera kudimba mpaka kumsewu, ine ndi akazi awo a Bambo Nkhoma. Bambo Nkhoma ndi mlimi amene ndimaodako ndiwo zokagulitsa kwa amayi a pamsika wa Nsungwi. Lero sakuseka. Akuti, "Mayi, tomato wapsa. Loweruka galimoto ikapanda kufika padimba penipeni, ndipereka kwa bambo wa lole uja wa ku Likuni."

Tomato wa dzinja! Munthu amadikira chaka chonse. Zosatheka.

Ndaganiza: pikapu ikwezedwe. Pafoni ndaona zida zake zatsopano, zonyezimira, zochokera kunja. Ndaona mtengo. Ndatseka foni. Ndatsegulanso, mwina maso anandinamiza. Ayi, ndi womwewo. Kodi ogula zimenezi ali ndi ana a sukulu?

Tipeza zotchipa. Bambo a Tadala, amuna anga, ali ku Joni, ndipo sindiwauza kaye. Galimotoyi anaigula ndi thukuta lawo. Amaikonda kuposa achibale ena.

Lachiwiri

Ku Biwi, kumagalaja. Makaniko aliyense ndi nzeru zake:

- woyamba akuti tiike timidadada tachitsulo pa masipuling'i
- wachiwiri akuti ndingogula matayala akuluakulu, ndipo mwamwayi mlamu wake amagulitsa matayala
- wachitatu sanaweramire n'komwe pansi, akungofunsa ngati ndikuigulitsa

Kenako a Gama. Bambo wachikulire, ovolosi yochapa bwino, mawu otsika ngati a mkulu wa mpingo. Azungulira pikapu, aigwedeza, apukusa mutu. "Mayi, masipuling'i anuwa anatopa kalekale. Ndili nawo ena, ogwirapo ntchito pang'ono chabe. Mawa madzulo mudzaitenge."

Mtengo wake ndi wa anthu. Ndafunsa kuti anachokera ku galimoto yanji. Akuti, "Yamphamvu." Ndakhutira. Ine! Munthu woti tomato ndimamutembenuza mmodzimmodzi ndisanagule, ndakhutira ndi mawu amodzi.

Ndabwerera pa minibasi ndikuimba chamumtima.

Lachitatu

Mayo ine!

Akweza kumbuyo kokha. Pikapu yazolika, mphuno pansi, msana kumwamba, ngati nkhuku ikujompha chimanga. Anthu odutsa akuima. Wogulitsa chinangwa akufunsa ngati ikupemphera.

A Gama sakudabwa. "Zakutsogolo zikubwera. Mwini wake wapita kumaliro ku Dedza."

Ndafunsanso za masipuling'i aja. Lero ayankha bwinobwino: anachokera ku lole yonyamula njerwa. Lole! Ndakhala pa tayala lakutha.

Ndayesa kuiyendetsa pang'ono pabwalo pomwepo. Ndikutsetsereka pampando, chifuwa pachiwongolero, maso akungoona dothi. Ndaisiya.

Kabichi wa mawa palibe. Amayi a pamsika aimba, ndawauza kuti galimoto ili ku sevisi. Bambo a Tadala nawo aimba. "Galimoto ili bwanji?" Ndati ili bwino, zinthu zikukwera. Limenelo si bodza.

Lachinayi

Wa kumaliro uja wabwera. Kutsogolo kwakwezedwa.

Kwambiri!

Ndaima pachitseko, mpando ukundilekeza m'chifuwa. Ine ndine wamfupi, koma sindinayambe ndadandaulapo mpaka lero. Ndakweza mwendo, chitenje chikukana. Ndayesa kudumpha. Amakaniko onse ayang'ana kumbali mwaulemu, koma mapewa awo akugwedezeka.

A Gama abweretsa chidebe cha penti, achitembenuza. Ndaponda, ndakwera. Ndili m'kati, chidebe chatsala pansi. Nanga ndikatsikira pa chiyani? Achimangirira chingwe, ndachikoka ngati ndikutunga pachitsime.

M'mwambamo dziko ndi lina. Ndikuona madenga a maminibasi, miyala yopsinjira malata, zochitika m'mipanda ya anthu. Kunena zoona, ndamva kukoma njira yonse mpaka kwathu ku 25.

Kenako geti. Pamwamba pa geti la nyumba yomwe timachita lendi pali chitsulo chopingasa. Zaka zonsezi sindinachionepo. Lero ndachimva. Gwaa! Zitsulo zomangirira katundu zakola, geti lonse lapendekeka, njerwa za mbali imodzi zili pansi.

Alandilodi, Mayi Chirwa, atuluka thovu la sopo lili m'manja. Sanakalipe. Ayang'ana geti, ayang'ana kumwamba komwe ndili, angoti, "Mwagula ndege?" Bola akanakalipa.

Pikapu ikagona pamalo omwetsera mafuta. Pakhomo siingalowe.

Lachisanu

Zofunika lero:

- owotcherera geti
- simenti
- mtima

Mayeso oyamba, galimoto yopanda katundu, msewu wa ku Nsungwi. Hampu yoyamba, mutu wagunda denga. Yachiwiri, ndadziluma lilime. Masipuling'i a lole sapindika, sadziwa chifundo. Mayi Chirwa ndinawatenga kuti tikagule limodzi simenti, mwina mtima wawo n'kuphwa. Atsikira panjira, duku lili m'manja. Akuti apitiriza wapansi, ali ndi ana oti alere.

Chiwongolero nacho chili ndi maganizo akeake. Ine ndikuti kumanzere, icho chikuti tione kaye.

Ku Biwi. A Gama amvetsera modekha, manja kumbuyo. "Ikufuna katundu, mayi. Anazolowera njerwa amenewa. Muikemo mchenga, ifewa."

Taika matumba a mchenga. Zoona, yafewako. Ndiyeno ndikuyang'ana kumbuyo: malo onse atha ndi mchenga. Nanga tomato akhala pati? A Gama akanda m'mutu. Akuti zimenezo ndi za bizinesi, iwo ndi amakaniko.

Madzulo uthenga wochokera ku Joni. Chithunzi cha pikapu yathu, anthu ataizungulira, wina akudzijambulitsa nayo. Munthu wa mu 25 momuno wawatumizira! Pansi pake alemba kuti, "Nambalayi si yathu iyi?" Foni ndaika m'kabati ya mbale.

Loweruka

M'mawa ku Njewa. Mchenga ndautsitsira pamphambano kuti tomato apeze malo.

Ngalande ija ndadutsa! Osakhula, osamva kanthu pansi. Ndakuwa ndekha m'galimoto. Bambo Nkhoma avula chipewa. Ndatsitsa chidebe changa, ndatsika mwaulemerero.

Kukweza madengu ndiye nkhondo. Akazi awo a Bambo Nkhoma sakufikira. Tabwereka benchi, tikupatsirana madengu ngati anthu ofolera denga. Koma alowa onse. Tomato wofiira, wolimba, wokongola.

Chimene ndinaiwala n'chakuti tomato si njerwa. Salemera mokwanira.

Ulendo wobwerera. Ndikuyenda ngati ndanyamula wodwala, a kabaza akundipitirira, koma dzenje lililonse madengu akudumpha, kutera, kudumphanso. Pagalasi ndikuona timipira tofiira tikuuluka. Titalowa mu tala ndati basi tapulumuka. Kenako mahampu! Wa njinga wina akundikodola, akuloza kumbuyo. Ndaima. Madzi ofiira akuchucha pachitseko chakumbuyo, mzere mpaka kumene maso akulekezera. Mayi wina wagwira pakamwa, akufunsa ngati ndagunda munthu.

Pa Nsungwi amayi a pamsika akwera pa tayala, asuzumira. Mmodzi wati, "Mukanabwera ndi anyezi, tikanangothira mchere." Asankhako ochepa a pamwamba. Otsalawo ndapereka kwa amayi a malesitilanti pa mtengo woti sindilemba muno.

Manja, chitenje, chidebe, zonse zikununkha supu.

Lamulungu

Kutchalitchi wapansi. Khosi silikutembenuka, moni ndikupereka ndi thupi lonse.

Ndatulutsa foni m'kabati, ndaimbira bambo a Tadala, ndawafotokozera zonse. Amvetsera mpaka kumapeto. Kenako, "Inuyo simunavulale?" Ndati ayi. Ndiye akuti, "Bwezeretsani zakale." Nanenso ndi zomwe ndimaganiza. Bola kusenza madengu pamutu mpaka kumsewu.

Masana ndapita kunyumba kwa a Gama ku Kawale. Andilandira bwino, mpando, thobwa. Ndati ndikufuna masipuling'i anga akale. Ayang'ana pansi. Akuti anawapereka Lachitatu lomwelo kwa wosula zitsulo wa ku Mgona, poti chitsulo cha sipuling'i n'chabwino kwambiri.

Alowa m'nyumba. Atuluka ndi nkhwangwa yatsopano, mpini wosalala. "Iyi ndi yanu, mayi, yaulere. Inachokera kumbuyo, mbali ya kumanzere."

Ndailandira ndi manja awiri. Ndathokozanso! Mu minibasi palibe wandipanikiza, kondakitala wandiyankhula mwaulemu njira yonse.

Basi. Pikapu ikhala m'mwamba momwemo. Mawa ndikagula makwerero, ndi udzu wambiri woyala pansi pa madengu. Nkhwangwa ndaimika kuseri kwa chitseko. Ndi yakuthwa bwino ndithu. Ife timaphikira makala.