Mankhwala a Esinati Akadali M'kambale

Lolemba
Mwana wanga Esinati akubwera Loweruka kuchokera ku yunivesite ya ku Joni. Paphwando wolankhula ndine, ndiye ndamufunsa pafoni za ntchito yake. Akuti m'thupi muli mapuloteni amene amadzutsa malangizo a mu DNA kuti ayambe ntchito. Iye amapanga tizidutswa totchedwa mapeputayidi, togwira odzutsawo kuti malangizo oipa, ngati a khansa, agonebe. Zosavuta! Ndakhala kapitawo ku esiteti ine. Tsekerani kapitawo m'nyumba, tiyi sathyoledwa.

Lachiwiri
Ndayeserera mawu anga pabawo pa Chonde. Ndathirako kamchere: "Chilichonse cha kumtundu, mwana wanga amazimitsa." Pang'ono chabe.

Lachitatu
Kalanga ine! Kukucha, anthu ali kale pakhonde:
a Namalomba, dazi;
mlamu wanga, akuti mapasa akwana;
mayi wina wa ku Thuchila, mowa wa amuna ake;
mbuzi yakuba chimanga, akuti make analinso wotero.
Aliyense kanthu m'manja: nandolo, zinanazi, nkhuku. Ndalandira. Ukana bwanji?

Lachinayi
Mayi akunyumba: "Inu, pakamwa panupo!" Masana afika Abiti Saidi, oyandikana nafe, amene khansa yawatha thupi. Tambala m'khwapa. Sanapemphe kanthu, angoti, "Tamva." Tambalayo ndamulandiranso.

Lachisanu
Ndamuimbiranso foni Esinati. Akuti mankhwalawo akuyesedwa pa maselo a m'kambale ka galasi. Ngakhale mbewa sinalaweko! Nanga munthu? "Mwina zaka khumi, ababa. Mwinanso osatheka." Mayo ine! Nandolo zija tadya kale.

Loweruka
Phwando. Mzere mpaka kumsewu, mbuzi patsogolo. Esinati akungotsika minibasi, a Namalomba avula chipewa. Si ulemu ayi, akumuonetsa dazi! Esinati wafotokoza yekha zoona zake, ine maso pansi, pepala la mawu anga m'thumba. Kenako wandinong'oneza: "Mankhwalawo akanakhala okonzeka, ndikanayamba ndi pakamwa panupo."

Lamulungu
Khomo ndi khomo kubweza zinthu zotsala za eni. Manyazi! Pomaliza kwa Abiti Saidi, tambala m'khwapa mwanga. Ndapepesa. Akana kumulandira.
"Mumuphere mwanayo adye, apeze mphamvu. Ine sizindipeza, koma ndili ndi ana aakazi. Mumuuze afulumireko."
Ndabwerera naye tambala.