Uchi wa Amalume Unandilanda Mkazi

Ndikanadziwa, chigubu cha uchi chija ndikanachisiya pansi pa bedi pomwe chinali. Koma munthu ukafuna kuoneka dolo pamaso pa mkazi, nzeru zimapita kutchuthi.

Ndinkafuna mtsikana wina wa ku Woodlands, dzina lake Mutale. Tinadziwana mu minibasi, ndipo tsiku lomwelo anandiuza kuti iye ndi vigani: sadya nyama, nsomba, mazira, mkaka, kaya chilichonse chochokera kwa cholengedwa chopuma. Pofuna kuti macheza asafe, ndinati, "Ah, na ine so chabe!" (M'chikwama changa munali soseji ikadali yofunda.)

Bodza lija linakula. Tikakumana m'tauni ndinkadya chikanda chophika ndi mizu chija ndi mtedza, njala yeniyeni n'kukaithetsera kunyumba ndi mapazi a nkhuku. Kenaka anavomera kudzadya chamasana kwanga ku Kabwata. Mnzake anali atanditsina khutu kuti Mutale sapondako wamba kwa mwamuna, akabwera ndiye kuti mtima watsala pang'ono kugwa.

Ndinaphika ngati ndili pa mayeso. Mapoto ndinakwecha mpaka fungo la kapenta litatheratu. Panali chibwabwa chotendera, masamba a maungu aja, nyemba, mpunga ndi kandolo wowiritsa, mbatata yotsekemera ija. Anadya, anaonjezera, anandiyamikira. Apa mpamene ndinayenera kukhala phee. Koma ndinakumbukira uchi umene amalume anga a ku Petauke anali atangonditumizira pa basi. Amalume ali ndi ming'oma yawo m'tchire, ndipo akafula uchi sasefa ayi, amaponyamo ndi zisa zomwe. Ndinathira m'mbale n'kuika patebulo monyadira.

"Ni chani ichi?" anafunsa Mutale.

"Uchi weniweni, osati wa m'mabotolo uja."

"Koma imwe, si munakamba ati ndimwe vigani? Njuchi zimapangila bana bake. Ise timangoba."

Zimenezi ndinali ndisanazimvepo chibadwire. Kwa ine uchi unali madzi a maluwa, njuchi zinali zonyamula katundu chabe. Munthu wanzeru akanapepesa n'kuchotsa mbale. Ine ndinayamba kuphunzitsa. Ndinamuuza kuti mavigani tili mitundumitundu, ndipo ife akum'mawa uchi timaulola chifukwa palibe njuchi imene imafa.

Ndikulankhula choncho, iye n'kuti akuvundula ndi supuni. Anatulutsa mwendo wa njuchi.

"Ako n'kaudzu," ndinatero.

Anavundulanso. Inatuluka njuchi yathunthu, mapiko atapserera.

"Nanga iyi inapsa na chani?"

Ndinafotokoza kuti amalume amayatsa muuni wa udzu kuti utsi ufooketse njuchi, ndiye zina zosamva zimayandikira moto zokha. (Inde, ndinaimba mlandu malemuyo.)

Pomwepo ndinaona chisa chodzaza ndi ana a njuchi, toyera tonenepa tija, chikuyandama cha kumbali kwake. Akachiona ameneyu, basi yanga yatha. Foni yake italira, iye n'kucheukira m'chikwama, ndinachitola msangamsanga n'kuponya m'kamwa kuti umboni usowe.

Vuto ndi lakuti chinakoma. Kwathu chisa cha ana ndicho chapamtima, tili ana tinkachita kumenyanirana. Chitangophulika m'kamwa ndinaiwala kuti ndili pa mlandu. Ndinatseka maso, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinabuulako pang'ono. Potsegula maso ndinapeza Mutale akundiyang'anitsitsa.

"Mwadya chani?"

"Phula."

"Phula ili na mutu?"

Kamwana kamodzi kanali katakanirira pa ndevu zanga.

Sanakalipe. Anasamba m'manja, n'kunena modekha kuti za uchizo akanandikhululukira, poti anthu ambiri sadziwa. Chimene sakanatha ndi mwamuna amene amanama mpaka kumeza umboni. Ndinati ndimuperekeze kokakwera minibasi, anati njira akuidziwa. Sanayankhenso foni yanga. Zinandiwawa, sindinama, chifukwa mtsikana uja ndinkamukondadi.

Choncho mukandifunsa lero ngati vigani amadya uchi, ndikuyankhani mosajejema kuti sadya. Ndipo ndinaphunzira kuti bodza la pa chakudya silipita patali, poti pakamwa pomwe ukunamira mpamenenso ukudyera.

Tsiku limenelo, Mutale atatuluka pageti, ndinabwerera patebulo mtima uli zii. M'mbale muja munali mutatsala chisa china cha ana. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Koma amalume anachita kulumidwa mpaka maso kutupa kuti ine ndilawe, ndiye kutaya kukanakhala mwano. Ndinakoka mpando.