Bokosi la njira ya kumanda

Lolemba
Ndatuluka m'shedi ya fodya! Amanijala andiika pa kompyuta. Kamera ya kumunda wa chimanga izizindikira yokha wakuba: munthu, nyani, ng'ombe. Ine ndijambule tebulo la mabokosi, m'mbali zoona zake, pamwamba zimene makina aganiza. Akalondola, mabokosi opingasa, ochoka pa ngodya ina kukafika pa inzake, amada bii, ena onse mbee. Likakongola Lachisanu, ofesi ndi yanga. Apo ayi, kubwerera ku fumbi ndi chifuwa changachi.

Lachiwiri
Opingasa akuda bwino. Zolakwa:
- ng'ombe yogona, akuti munthu
- Sekuru Phiri, gogo uja mlonda wathu, akuti nyani

Sindiwauza.

Lachitatu
Mayo ine! Kamera ikuonanso njira ya kumanda. Pazithunzi pali Gule, masanasana, nthenga ndi matope. Makina akuti munthu. Ine mkazi ndivomereze zimenezo ndi dzanja langa? Amayi: "Ukalemba, usadzagonenso muno." Ndawonjezera mzere wachinayi: chilombo.

Lachinayi
Makina aphunzira mopyola. Amanijala ndi chipewa chawo: chilombo. Abusa pa njinga: chilombo. Koma pali chithunzi china. Njira yokhayokha, udzu, dzuwa, palibe kanthu. Akuti munthu. Ndazimitsa, ndayatsanso. Munthu. 

Lachisanu
Ndawaonetsa Sekuru Phiri. Akuyang'ana osaphethira. "Ndi Banda wa thirakitala, tinamuika mvula isanagwe. Amakonda kuima pamenepo." Akunena ngati za mtengo wa shuga!
Kenako Amanijala, chala pa tebulo langa: "Bokosi ili lada chifukwa chiyani? Muli ndani umu?" Ndi bokosi la chilombo, ndipo muli iwowo. Zvakaoma, zavuta zedi.

Loweruka
Komboni yonse ili pawindo la ofesi, aliyense akufunsa za malemu wake. Mai Banda akupempha chithunzi. Ndawasindikizira udzuwo. Akupukuta pepala ndi nsalu yawo, akuliyandikiza kumaso. "Waonda." Ndikufuna kuseka, koma misozi.

Lamulungu
Basi, mawa m'shedi. Chifuwa chayamba kale kulira. Tebulo langa lada paliponse, ngati thumba la makala. Kamera aiwala kuichotsa, ikutumizabe mauthenga pafoni yanga. Popita kutchalitchi ndaima patsogolo pake, ndaikwezera dzanja, ndadikira.
Foni njenjenje. Akuti munthu.
Banda nayenso makina anamutchula choncho. Ndadzitsina pamkono, ndapita kukapemphera.